Funsani za Kujambula: Phiri likungotuluka mbuu pa zithunzi zanga

FUNSO

Zikomo bambo. Ndine mphunzitsi wopuma, ndimakhala ku Chinamwali mu mzinda wa Zomba. Mwana wanga anandigulira foni ya kamera, ndiye ndayamba kukonda kujambula mitengo, phiri ndi zochitika za m'dera lathu. Koma Okutobala uno zithunzi zikungotuluka mbuu, phiri silikuoneka, ngakhale maluwa a jakaranda akutuwa. Chinanso, tsiku lina mayi wina pa mjigo anandilalatira kuti ndikufuna kukagulitsa nkhope yake. Kodi foniyi ndi yachabe? Nanga anthu ndiziwatani?

Mayi wa ku Chinamwali

YANKHO

Mayi, foniyo ilibe mlandu. Kumapeto kwa chilimwe kuno mumlengalenga mumadzaza fumbi ndi utsi. Anthu akusosa m'minda, tchire likupsa, ena akuotcha mauvuni a njerwa. Kuwala kochokera ku phiri kumamwazika mu utsi umenewo kusanafike pa kamera, ndipo chinthu chikatalikira, mtundu wake umafwifwa. Ngakhale mutanyamula kamera yodula kwambiri n'kukaima pa Emperor's View, malo oonerapo patali pamwamba pa phiri la Zomba, phiri la Mulanje ndi nyanja ya Chilwa mudzaziona mwa apo ndi apo basi.

Choyamba sinthani nthawi. Mwezi uno dzuwa likutuluka 5 koloko itangopitirira pang'ono, n'kulowa 6 koloko isanakwane. Ola loyamba la m'mawa ndi lomaliza la madzulo ndiye anu. Dzuwa likakhala pamutu, maluwa amayera, nkhope za anthu zimada ndi mthunzi m'maso. Madzulo utsi womwewo umakuthandizani, chifukwa umafiiritsa dzuwa moti mutha kulijambula lathunthu, lozungulira, kuseri kwa mtengo wa mapapaya kapena denga la aneba. Fulumirani ndithu, kwathu kuno mdima suchedwa.

Musanajambule, pukutani kagalasi ka kamera ndi kansalu kofewa. Thukuta la m'manja ndi fumbi la m'chikwama zimaononga zithunzi zambiri kuposa china chilichonse nyengo ino. Kenaka gunyani sikirini pamene pali duwa limene mukujambula. Pa mafoni ambiri pamatuluka kachizindikiro ka dzuwa. Kakokereni pansi pang'ono mpaka chithunzi chiderepo. Mukatero mtundu wa jakaranda ubwerera. Zumu, yokokera chinthu chakutali pafupi, isiyeni. Pa mafoni athu ambiriwa imangokulitsa chithunzi n'kuchiphwanya. Yendani, musendere pafupi.

Mawu anga aakulu ndi omwewo, kusendera pafupi. Phiri lisiyeni kaye, silithawa. Zokongola za nyengo ino zili pakhomo panu. Jakaranda, mtengo umene unachokera ku South America, umakongola kwambiri pansi kuposa m'mwamba. Pitani m'mamawa anthu asanasese, mugwade, foni muigunditse pansi penipeni, muone maluwa atayala mseu wonse, tayala la kabaza litadinda mzere pakati pake. Yang'anani pa thunthu la mtengo wa mango: mupeza chikhungwa chimene nyenje yavula, chong'ambika pamsana, timiyendo tikadali togwira khungwa. Chijambuleni dzuwa lili kuseri kwake, chiwala ngati uchi. Mango a kalisere akulendewera, uvuni wa njerwa ukufuka usiku, bambo ali padenga kufolera mvula isanabwere, mizere yatsopano m'munda. Ine zimenezi ndimazikonda kuposa chithunzi cha phiri, pakuti phiri aliyense ali nalo, koma denga limenelo pakatha zaka khumi lidzakhala la malata.

Masamba ofiira a mombo ndi tsamba m'mapiri mwawachedwerera pang'ono. Amaphukira mu Ogasiti ndi Seputembala, pano ambiri abiriwira. Chaka chamawa muwadikirire. Koma mu Novembala mitengo ya flamboyant iyamba kufiira m'misewu.

Phirilo mudzalijambule chizimalupsa chikagwa. Mvula imeneyo imatsitsa fumbi ndi utsi, ndipo m'mawa mwake miyala ndi mitengo ya m'phiri imaoneka umodziumodzi. Foni ikhale ndi moto usiku womwewo, chifukwa pakapita masiku awiri kapena atatu utsi umabwereranso.

Tsopano za mayi a pa mjigo. Ine ndikuwamvetsa, ndipo ndikupemphani muwamvetse. Anthu aona nkhope za anzawo zikuzungulira pa Facebook ndi pa WhatsApp, ena akusekedwa, ena akupemphetsedwa nazo ndalama iwo osadziwa. Mayi amene wadzuka mbandakucha, chitenje chanyowa, ndowa ili pamutu, sangakondwe kuona foni yamuloza popanda moni. Yambani ndi moni, foni ili m'chikwama. Nenani kuti ndinu mayi uje a kuseri kwa tchalitchi, mumajambula pongokonda, ndipo muwaonetse za jakaranda zija. Akakana, thokozani n'kupita. Akalola, aonetseni chithunzicho pomwepo, ndipo chimene sanachikonde chifufuteni iwo akuona. Ena sadzafuna nkhope koma adzalola manja ali pa mjigo kapena mzere wa zigubu, ndipo nthawi zina chithunzi chotere chimanena zambiri za vuto la madzi mu Okutobala kuposa nkhope.

Mukapita m'tauni, katsukitseni zithunzi ziwiri zitatu mukawapatse eni ake m'manja. Zimenezi zimatsegula makomo ambiri, mudzaona okha akukuitanani pa chinkhoswe. Potumiza chithunzi kwa otsuka pa WhatsApp, chitumizeni ngati Document, apo ayi chimafika chitachepetsedwa ndipo papepala chimatuluka chosaoneka bwino. Ndikupemphaninso kuti kuseri kwa chithunzi chilichonse muzilemba malo, mwezi ndi chaka.

Ana musawajambule makolo awo asanalole, ngakhale anawo akukakamireni chotani, ndipo musawaike pa intaneti. Pamaliro funsani eni mbumba. Komanso poti muli ku Zomba, mukamadutsa ku Cobbe Barracks, ku State House kapena ku ndende, foni ikhale m'chikwama ngakhale jakaranda wa pamenepo atakongola bwanji. Amenewo ndi malo achitetezo, kujambulapo kumafuna chilolezo.