Pulogalamu ya mabilu ikukana nambala 5150

Funso: Ndangoyamba kumene ntchito yolemba mabilu pachipatala china ku California, m'dziko la America. Apolisi anabwera ndi wodwala yemwe ankanena zodzipha, ndipo anamusunga maola 72 iye asakufuna. Ndikalemba 5150 pamalo a matenda, pulogalamu ikukana ndipo bilu sikupita ku inshuwalansi. Ndazimitsa kompyuta n'kuyatsanso kangapo koma sizikusintha. Ndiitane wokonza?

Yankho: Achemwali, isiyeni kompyutayo, ilibe mlandu. Nambala 5150 si ya matenda. Ndi ndime ya m'malamulo a California, yomwe inabwera ndi Lanterman-Petris-Short Act ya 1967. Imalola kuti munthu asungidwe mpaka maola 72 ngati matenda a maganizo angamuchititse kudzivulaza kapena kuvulaza ena, kapena ngati akulephereratu kudzisamalira. Ku Florida lamulo lofanana nalo amalitcha Baker Act. Anamwino amangoti "uyu ndi wa 5150" chifukwa pakamwa panazolowera, n'chifukwa chake obwera kumene ambiri amasokonezeka.

Malo mukulembapowo amalandira manambala a ICD-10-CM okha (mndandanda wa manambala oimira matenda), ndipo onsewo amayamba ndi chilembo. Tsegulani zimene dokotala walemba. Ngati wati wodwalayo anali ndi maganizo odzipha, nambala yake ndi R45.851. Ngati anayesadi kudzipha, imeneyo siigwiranso; pamafunika ya chimene chinachitika, kaya kumwa mankhwala ochuluka kaya kudzivulaza, ndipo T14.91XA ndi ya pamene njira yake sinatchulidwe. Matenda enieniwo akapezeka, monga F20.9 ya matenda a maganizo otchedwa schizophrenia, alembeni. Palinso Z04.6, yosonyeza kuti munthu wapimidwa maganizo aboma atapempha. Koma musalote nambala nokha. Chimene dokotala sanalembe, inunso musalembe, ngakhale namwino atakunong'onezani.

Pamene anthu amagwa kwambiri ndi apa: kusungidwa mwalamulo sikutanthauza kuti munthu wagonekedwa. Wina amatha maola onsewo ali kuchipinda cha odwala mwadzidzidzi, kudikira kuti bedi lipezeke kwina. Pamalo a manambala olipiritsira, omwe ndi osiyana ndi a matenda aja, ameneyo simungamulembere 0124, nambala ya chipinda cha mabedi awiri kuwodi ya amatenda a maganizo. Yake ndi 0450, ya chipinda cha odwala mwadzidzidzi. Chogamula ndi chikalata cha dokotala chomugoneka, osati pepala la apolisi.

Mabilu akenso ndi awiri. Za chipatala zimapita pa fomu ya UB-04, za dokotala pa CMS-1500, pomwe pamalembedwa manambala a CPT (oimira ntchito imene dokotala wagwira) monga 99285 kapena 90792. Mukasakaniza, bilu ibwereranso.

Nanga 5150 ipite kuti? M'mapulogalamu ambiri muli malo akeake olembapo mmene wodwala alili pamaso pa lamulo, nthawi zambiri kumbali yolembetsera odwala. Ikani pamenepo, pamodzi ndi ola limene kusungidwako kunayamba. Pepala la apolisi lija lisungeni mufayilo ya wodwalayo, chifukwa a inshuwalansi akayamba kufunsa ngati kunali kofunikadi kumusunga, mudzalifuna.