Bwanji sangozitsekera m'khola usiku?

Achimwene, mwafunsa kuti alimi a ku America amene akudandaula kuti mimbulu ndi zimbalangondo zikuwathera ng'ombe, bwanji osangozitsekera m'khola usiku monga timachitira kuno poopa afisi, kapena kungowombera zilombozo poti mfuti ali nazo.

Kaweteredwe kawo n'kosiyana ndi kathu. M'zigawo za Wyoming, Montana ndi Idaho, m'nyengo yozizira ng'ombe zimakhala kufupi ndi nyumba n'kumadya udzu wouma. Chipale chikasungunuka, cha mu Juni, amazikusira kumapiri, kumalo a boma omwe amachita kulipira, ndipo zimakatsika cha mu Okutobala. Sangazisunge pakhomo chifukwa minda yakumunsi imakhala ikumera udzu woti adzamwete. Ndiye miyezi yonseyo ng'ombe mazanamazana zimagona kutchire, zitamwazikana m'nkhalango yoti ngakhale wa pahatchi sangaizungulire tsiku limodzi. Khola mungalimange pati?

Za mfutizo, chimbalangondo cha grizzly chimatetezedwa ndi lamulo kuyambira 1975, moti kuchipha ndi mlandu pokhapokha ngati mukudziteteza. Mimbulu inali itatsala pang'ono kutheratu, boma ndilo linakatenga ina ku Canada mu 1995 ndi 1996 n'kuitulutsa kumalo osungirako nyama zakutchire a Yellowstone ndi ku Idaho. Lero m'maderawa mlimi amaloledwa kuwombera mmbulu akaupezerera ukugwira chiweto, koma ndani amakhalapo pakati pa usiku?

Pamene pagona nkhani ndi pa chipukuta misozi. Boma limalipira, inde, koma likufuna umboni. Wa boma amabwera kudzasenda chikopa cha nyama yakufayo. Akapeza magazi ataundana pansi pa chikopa pomwe palowa mano, ndiye kuti inalumidwa ili moyo. Akapanda kuwapeza amati inafa yokha, zilombo zangodya mtembo. Malo a mabala nawo amaulula wolakwa: mimbulu imakonda kugwira miyendo yakumbuyo, chimbalangondo chimaluma pamsana ndi kumaso. Tsono mwana wa ng'ombe akafa kunja kukutentha, pakangotha masiku awiri zilombo ndi akhwangwala amakhala atamaliza, pangotsala tiziboda ndi ubweya. Musendapo chiyani pamenepo?

A ku Wyoming anavomereza vutoli. M'madera ena, mwana mmodzi akatsimikizika kuti wagwidwa ndi grizzly, amalipira mtengo wa ana atatu ndi theka, kuwerengera amene sanapezeke. M'chigawo cha Colorado, komwe anthu anavota mu 2020 kuti mimbulu ibwezeretsedwe ndipo khumi yoyamba inatulutsidwa mu Disembala 2023, amalipira mpaka madola 15,000 pa chiweto chimodzi.

Enanu mwalemba kuti matenda ndi nyengo zimapha ng'ombe zambiri kuposa zilombo. Zoona, mukawerenga dziko lonse. Koma ine ndimaona kuti kuwerenga kumeneko kumabisa chilungamo, chifukwa chitayiko chimagwera mabanja ochepa omwewo chaka ndi chaka, monga oweta kudera la Upper Green River ku Wyoming, komwe zimbalangondo zachuluka. Mutu ukakula sulewa nkhonya, koma si onse ali ndi mutu waukulu.

Chimene chikuthandizako ndi abusa a pahatchi ogonera komweko. Amaopseza zilombo, ndipo amapeza mtembo msanga umboni usanathe. Kopanda iwo mlimi amadzazindikira mu Okutobala powerenga pachipata, akaona ng'ombe yaikazi ikutsika yokha, bere litauma, mwana palibe.