Kwa azakhali, za tree fern yomwe yang'alula mphika

Azakhali, mwaswera bwanji kumeneko ku Chigumula? Ndaumva uthenga wanu wonena kuti tree fern yanu, chomera chija chathunthu ngati mtengo ndi masamba onga nthenga zikuluzikulu, yakula mpaka kung'alula mphika wa simenti, ndiponso kuti wa m'dimba akuti muidule pathunthu n'kuizika pansi. Chonde musalole kuti chikwanje chiikhudze. Ulipo mtundu wochokera ku Australia, wotchedwa Dicksonia antarctica, umene umatulutsanso mizu ukadulidwa chotero, koma pachithunzi mwatumizachi ndikuona mamba patsinde pa masamba m'malo mwa ubweya wofewa, ndipo zimenezi zikusonyeza kuti yanuyo ndi Cyathea, mbale wa zija zomera m'mbali mwa mitsinje paphiri la Zomba ndi la Mulanje. Mtundu umenewu ukasiyana ndi mizu yake, kawirikawiri umafa.

Musaiwokerenso m'mwezi uno wa Okutobala, chifukwa dzuwa lake lingaumitse masamba mizu isanagwire. Mangani mphikawo ndi waya, muusunthire pamthunzi, ndipo mudikire mpaka mvula itakhazikika cha mu Disembala. Malo abwino ndi kum'mawa kwa nyumba, kumene kumawomba dzuwa lam'mawa lokha ndipo mphepo sikuntha kwambiri.

Dzenje likhale lotambalala kuwirikiza kawiri mphikawo, koma lisazame kuposa m'mene mizu yalekezera, pakuti mtengowo uyenera kukhala pamsinkhu womwe unalili mumphika. Dothi lathu lakatondo limasunga madzi ndipo likauma limalimba, choncho mulisakanize ndi masamba owola bwino ndi mchenga pang'ono. Zitosi za nkhuku zosawola musaikemo, zimawotcha mizu. Tsiku lowokera likafika, muuthirire usiku wake, kenako muswe mphikawo ndi hamala m'malo mozula mtengowo, popeza mphikawo wawonongeka kale. Onyamula agwire kudothi ndi pakati pa thunthu.

Chimene ndikufuna muchisamale koposa ndi nsonga, paja pamatuluka timasamba tatsopano topindika ngati mchira wa bilimankhwe. Mtengowu umakulira pamalo amodzi okhawo, ulibe nthambi zoti n'kuphukiranso, ndiye pakathyoka kapena pakauma, zaka zonse zimene mwausamalira zapita. Feteleza asagwere pamenepo. Komanso thunthu lake si thabwa ayi, lakutidwa ndi timizu tambirimbiri timene timamwa madzi, n'chifukwa chake pothirira muzitsira madzi kuchokera pamwamba kuti azitsika ndi thunthu lonse, osati pansi pokha. Mvula ikadula kwa masiku angapo, muzitero m'mawa ndi madzulo.

Masamba akale akumunsi muwadule, koma musiye aawisi. Muzike zikhomo ziwiri n'kumangirira thunthu ndi nsalu yofewa mpaka mizu itagwira, ndipo muphimbire dothi ndi masamba ouma, ngakhale kuti pamenepo muziyang'anako chiswe. Timadontho tofiirira timene munatiwona kunsi kwa masamba si matenda, ndimo momwe muli mbewu zake.

Ikachedwa kutulutsa masamba atsopano musade nkhawa, imatenga miyezi kuti izolowere, ndipo chiperoni cha mu Juni ndi Julayi chidzaithandiza. Za kugula ina kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu, ndikupempha kuti musatero pokhapokha akutsimikizireni kuti anaifesa okha, chifukwa lamulo la zankhalango la 1997 sililola kuzula zomera m'nkhalango zotetezedwa popanda chilolezo. Mvula ikagwa bwino mundiuze, ndidzabwera Loweruka lina kuti tidzawokere limodzi.