Ma diode awiri mu seketi imodzi, yayaka ndi iti?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa chaka choyamba. Akuti diode (kachipangizo kamene kamalola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha, kulowera ku mwendo wa anode nkutulukira ku mwendo wa cathode) ikakhala imodzi amakhoza bwinobwino koma akangoika awiri mutu umaima, sadziwa kuti yomwe yayaka, kutanthauza yomwe ikudutsitsa magetsi, ndi iti. Funso lake ndi ili: batire la 5 V likudzera pa diode yoyamba D1, lina la 3 V likudzera pa yachiwiri D2, ma cathode onse akumana pa mfundo imodzi, kuchoka apo resistor ya 1 kΩ kupita ku ground. Ma diode onse awiri ndi a silicon.

Achimwene, poyamba palibe amene amadziwa, ngakhale aphunzitsi anuwo. Timangoyerekeza, kuwerengera, kenako nkubwerera kukaona ngati zomwe tinayerekezazo zikugwirizana ndi manambala. Ambiri malikisi amatayira pobwererapo, amafika pa yankho nkuthamangira funso lina.

Tiyeni tiyese. Tinene kuti onse ayaka. Diode ya silicon ikayaka imadya pafupifupi 0.7 V, ndiye mbali ya D1 mfundo ija ikhala pa 4.3 V, mbali ya D2 ikhala pa 2.3 V. Waya m'modzi yemweyo ma voteji awiri? Sizingatheke, ndiye kuyerekeza kumeneko kwagwa basi. Tsopano tinene kuti D1 yokha ndiyo yayaka, D2 muifufute kaye papepalapo ngati waya woduka. Mfundo ili pa 4.3 V, karenti ndi 4.3 kugawa ndi 1000, kutipatsa 4.3 mA, ndipo ikuyenda kuchoka ku anode kupita ku cathode monga ziyenera kukhalira. Pano musaime ayi, bwererani kwa D2: anode yake ili pa 3 V pomwe cathode ili pa 4.3 V, yatembenuzidwa, singayake. Zonse zagwirizana, yankho ndi lomwelo.

Muona kuti yomwe mwati yayaka mumaifunsa za karenti, ikatuluka ya negative ndiye mwalakwitsa, pomwe yomwe mwati yazima mumaifunsa za voteji, ngati anode yaposa cathode ndi zoposa 0.7 V ndiye kuti imayenera kuyaka.

Koma 0.7 ameneyu musamutenge ngati lamulo la Mose. Germanium imayaka cha m'ma 0.3 V, LED yofiira cha m'ma 2 V, ndipo ku labu mukaika diode ya silicon ya 1N4007 pa multimeter mwina muona 0.5 kapena 0.6 nkumati chipangizo chafa, ayi sichinafe, mita imangopereka karenti yochepa. Karenti ikachulukira ka 10, voteji imangokwera ndi 60 mV kapena kuposerapo pang'ono, nchifukwa chake pamayeso timangoti 0.7 nkupitirira. Funso likati "ideal diode" ikani 0 V, ndiye mu seketi yanuyi karenti ikhala 5 mA ndipo D2 ikhalabe yozima. Pomanga pa breadboard, mbali yomwe ili ndi kamzere ndiye cathode.