Lole inkaoneka ngati ikuchedwa, bwanji?

FUNSO: Akulu, dzana ndimaoloka M1 cha ku Kanengo, lole ndimaiona ngati ikadali kutali ikubwera pang'onopang'ono, mwadzidzidzi iyi yafika, hutala mpaka makutu gwa. Maso angawa ayamba kuvuta kapena? Wowerenga, Area 25

YANKHO: Pepani achimwene, mwapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Zimenezi zimachitikira ngakhale a maso abwinobwino. Diso lilibe sipidomita, limangotumiza chithunzi ku ubongo, ndiye kuli kachigawo kotchedwa MT kapena V5 komwe kamayeza kuti chinthu chikusuntha mwachangu bwanji m'chithunzimo. Vuto ndi lakuti galimoto ikamabwera molunjika inu sisuntha cham'mbali, imangokula, ndipo ikadali kutali imakula pang'ono kwambiri moti ubongo umati aaa nthawi ilipo, kenako yayandikira yakula kamodzin'kamodzi.

Komanso chinthu chachikulu chimaoneka chochedwa kuposa chaching'ono ngakhale liwiro lili limodzi, n'chifukwa chake sitima ndi malole zimanamiza anthu kuposa njinga ya kabaza. Onani ndege ikamatsikira ku Lumbadzi, imakhala ngati yangolendewera m'mwamba koma ikupitirira makilomita 200 pa ola. Kukachita chisisira, fumbi kapena nkhungu ya mu Juni ndiye zimanyanya, chinthu chosaoneka bwino ubongo umachiyesa chochedwa.

Lole ya 80 pa ola imadya mamita 22 pa sekondi imodzi, ndipo ikasenza katundu siima msanga. Chonde ikangooneka, imani kaye idutse, makamaka mukakhala ndi ana.