Za a Mentawai aja, wafunsa za mphini koma nkhani ili pa uzimba

Mdzukulu wanga, uthenga wako ndauona, ukuti waona pa YouTube anthu a ku Mentawai, zilumba za ku Indonesia, odzaza mphini thupi lonse ndiye ukufunsa ngati nzoona kuti boma linawaletsa. Eee linawaletsa. Mu 1954 akuluakulu a boma la Indonesia anaitanitsa msonkhano nkugamula kuti chipembedzo chawo cha Arat Sabulungan chithe, aliyense asankhe Chikhristu kapena Chisilamu pasanathe miyezi 3, ndipo zipangizo za asing'anga awo, aja amati sikerei, zinkatenthedwa. Ku zilumba za Pagai amishoni anali atafikako kale mu 1901 ndiye kumeneko zinatha msanga, ku chilumba cha Siberut nkomwe anthu anakakamira.

Koma ana inu mumangoona zapakhungu basi. Ukanandifunsa za keikei, zoletsa zija, makamaka za uzimba.

Kumeneko munthu sankangodzuka nkulowa mtchire ayi. Asanapite kosaka ankadziletsa, osagona ndi mkazi, osadya zowawasa, ndipo akabwera ndi nyama ankagawa mofanana kwa onse a mu uma, nyumba yayikulu ya fuko ija, kenako chigaza amachitsuka bwinobwino nkuchipachika mnyumbamo kuti mzimu wa nyamayo usakwiye koma uziitana anzake. Ine zimenezi sizondidabwitsa, agogo anga aamuna akanyamula uta kunyumba kunkakhala bata, agogo aakazi osayendayenda, ife ana kutiletsa ngakhale kukangana, ndipo palibe ankafunsa kuti chifukwa chani. Tinkangodziwa kuti munthu ali kutchire.

Ndiye ku Mentawai kuli kanyani kena kopanda mchira, manja ataliatali, kamaimba mbandakucha, amakatcha bilou, sikapezeka kwina kulikonse padziko koma pa zilumba zimenezi. Kale kukasaka kunali koletsedwa. Pano anyamata ambiri anakulira mtchalitchi ndi msukulu, uta ndi mivi yapoizoni anasiya, agwira mfuti za mpweya, ndipo ena amapha make kuti atenge kamwana akagulitse. Siberut ili ndi paki yaboma kuyambira 1993 koma mlonda wa paki sangakhale pansi pa mtengo uliwonse, pamene choletsa chija munthu ankayenda nacho mumtima ngakhale ali yekha.

Usadandaule kwambiri, sizinathe zonse. Sikerei mpaka lero sadya mkunga, sadya bilou, ndipo mabanja ambiri Lamulungu ali kutchalitchi koma mwana akadwala kapena akamanga uma yatsopano amachitabe punen, mwambo uja woti ntchito zonse zimayima kwa masiku. Mphini nazo zikubwerera chifukwa alendo amabwera ndi makamera ndipo amalipira. Kudziletsa usanapite kutchire palibe mlendo angakulipire, nchifukwa chake pa YouTube pako paja sunazione.