Ngati mapulogalamuwo ndi aulere, ndikulipiranji?

Funso: Ndili ndi bizinesi yaing'ono yopikulitsa katundu ndipo ndikufuna makasitomala azioda pa intaneti. Mnyamata amene ndamupeza kuti andipangire webusaiti akuti agwiritsa ntchito mapulogalamu aulere a open source, koma ndalama imene watchula ndi yochuluka. Kodi sakundibera?

Yankho: Mayi, mwina sakukuberani. Zoti mapulogalamuwo ndi aulere ndi zoona. Mawebusaiti ambiri amamangidwa ndi zinthu zinayi zimene akatswiri amazitcha LAMP: Linux imayendetsa seva (kompyuta yosungira webusaiti), Apache imatumiza masamba kwa amene akuwafuna, MySQL imasunga mayina a katundu ndi maoda, pamene PHP ndi chinenero cholembera malangizo. WordPress, pulogalamu yopangira mawebusaiti imene inayamba mu 2003, imadalira PHP ndi MySQL zomwezi, ndipo pulogalamu yowonjezera ya WooCommerce imaisandutsa sitolo. Pa zonsezi palibe chiphaso chogula. Chimene mukulipira ndi nthawi ndi luso la wozilumikizayo kuti zigwirizane ndi bizinesi yanu.

Nkhawa yanga ili pena. Ntchito ikatha, ndalama sizisiya kutuluka. Dzina la webusaiti limalipiridwa chaka ndi chaka, malo a pa seva nawonso amafuna lendi, komanso mapulogalamuwa amafunika kuwakonza pafupipafupi chifukwa mipata yolowera akuba imatulukirabe. Mu Disembala 2021 kunapezeka mpata woopsa mu Log4j, kapulogalamu kaulere kamene makampani ambirimbiri ankagwiritsa ntchito, ena osadziwa n'komwe kuti ali nako. Mufunseni mnyamatayo kuti azikonza ndani, kangati, ndipo pa mtengo wanji. Akuuzeninso kumene makope a maoda anu azisungidwa seva ikawonongeka.

Chimene ndimaumirira kwambiri ndi umwini. Dzina la webusaiti ndi akaunti ya seva zilembedwe m'dzina lanu, mapasiwedi onse mukhale nawo, ndipo mgwirizano wolembedwa unene kuti khodi yonse (malangizo a kompyuta amene walemba) ndi yanu mukamaliza kulipira. Zimandipweteka kuona munthu wabizinesi atasemphana ndi womupangira webusaiti n'kutsala wopanda kolowera m'sitolo yake yomwe.

Musalolenso kuti akusankhireni zinthu zachilendo pongofuna kuphunzirapo. Zida zomangira mawebusaiti monga WordPress, Laravel kapena Django amazidziwa ndi anthu ambiri, choncho iyeyo akachoka mupeza wina wopitiriza. Ndalamayo muigawe patatu: poyamba, akakuonetsani kuti oda ikulowadi, ndi pamene wakupatsani khodi ndi mapasiwedi.